Mlongo wanga wataya ntchito chifukwa cha nthabwala yonena alubino. Ufulu wolankhula uli pati apa?

Nachisale wa ku Dedza

Abale anga, ndikufuna maganizo anu pa nkhani imene yatisowetsa tulo pakhomo pathu. Ine ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina yoyendera kuno ku Dedza. Mlongo wanga wopondana nane amakhala ku Lilongwe ndipo amadyera pakamwa pake. Loweruka amayendetsa perekaniperekani pa maukwati ndi zinkhoswe, mkati mwa sabata amajambula timasewero tifupitifupi ndi anzake n'kuponya pa Facebook ndi TikTok. Lendi ya nyumba, fizi ya ana ake, ngakhale feteleza amene amatumizira mayi athu kumudzi, zonse zimachokera kumeneko.

Mwezi watha anatulutsa kasewero ka munthu amene ngongole ya katapila yamufika m'khosi. Mwini ndalama wabwera kudzalanda katundu, ndiye pamsewu pakudutsa mnyamata wachialubino (anali mnzawo amene anamupaka ufa kumaso ndi m'manja). Wangongole uja n'kunena kuti, "Tadikirani pang'ono bwana, banki yanga ndi iyo ikudutsa apoyo." Kasewero kanathera pamenepo.

Anthu ambiri anaseka, ndemanga zoyambirira zinali zomuyamikira. Koma litafika tsiku lachiwiri zinthu zinatembenuka. Mwini golosale amene ankamulipira kuti azitchula sitolo yake m'masewero anamuimbira foni kuti zathera pompo. Makomiti a maukwati amene anali atapereka kale ndalama ya chikole anaitanitsa ndalama zawo. Wina analemba kuti akukamusumira kupolisi. Ena, amene sitikuwadziwa n'komwe, akumutumizira mauthenga kuti akudziwa kumene ana ake amaphunzira ndipo adzamuthyola miyendo akadzakumana naye mu Area 25.

Iye akuti ndi nthabwala chabe, sanaphe munthu, ndipo dziko lino tinavotera ufulu mu 1993. Ine kasewero kaja sindinaseke nako. M'kalasi mwanga mwa Fomu 2 muli mtsikana wachialubino amene amakhala kutsogolo chifukwa maso ake saona patali, ndipo nditaonera ndinaganiza za iyeyo nthawi yomweyo. Komabe ndimaphunzitsa ana kuti wolemba ndi wosewera asamaope kukhudza pamene pakupweteka. Ndiye ndifunse: mwa zinthu zimene zamugwerazi, ndi ziti zimene zikumuyenera, ndipo ndi ziti zimene zikumuphwanyira ufulu? Kapena zonse ndi chimodzimodzi? Ndikufuna ndikalankhule naye ndili ndi chomuuza, osati kungomukalipira ngati mkulu wake.

Gogo wa ku Mpondabwino

Mwana wanga, wachita bwino kufunsa usanakalipe. Ine ndinagwira ntchito ya ukalaliki m'boma kuno ku Zomba nthawi ya chipani chimodzi, ndiye mawu akuti ufulu wolankhula sindiwamva mopepuka.

Ana a lero mukamati munthu wamutseka pakamwa, ndimafuna mukadaona mmene pakamwa pankatsekedwera. Kuyambira 1968 panali bungwe la boma lounika mabuku, makanema ndi zisudzo, ndipo sewero silinkapita pabwalo lisanaonedwe ndi iwowo. Pamowa tinkayamba tayang'ana uku ndi uku tisanatchule dzina la Ngwazi, chifukwa sunkadziwa kuti pa anthu wakhala nawowo wa Special Branch ndi uti. A Jack Mapanje, amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingelezi pa Chancellor College pompano, anawatenga mu Seputembala 1987 n'kukawatsekera ku Mikuyu. Anatuluka mu 1991. Zaka zonsezo sanawatengere kukhoti, sanawauze mlandu wawo. Ife tinkangonong'onezana kuti ndi ndakatulo zija. Ngakhale kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, kupezeka nayo m'thumba unali mlandu. Ndipo musaganize kuti zinatha ndi matipate. Evison Matafale anafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001 atamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula mtsogoleri wa nthawiyo.

Chimene tinkalira ife, mwana wanga, n'chakuti boma, limene lili ndi mfuti, maunyolo ndi ndende, lisamagwire munthu chifukwa cha mawu. Sitinavotere nyali kuti munthu akalankhula aliyense aziwomba m'manja. Mwini golosale uja ndalama ndi zake, dzina la sitolo ndi lake. Ngati sakufuna kuti dzinalo limveke limodzi ndi mawu aja, ndani angamukakamize? Makomiti a ukwati nawo chimodzimodzi. Pa ukwati pamabwera aliyense, mwina mkwati ali ndi msuweni wachialubino, ndiye apereke maikolofoni kwa munthu amene sakudziwa chimene chituluke m'kamwa mwake? Iwonso akulankhula pamenepo, akulankhula ndi chikwama chawo.

Koma za kupolisizo ine ndikuzikana ndi mtima wanga wonse, ngakhale nthabwalayo yandinyansa. Ndinaona kumene msewu umenewo umathera. Lero amugwira mlongo wakoyo ife tikusangalala, mawa lamulo lomwelo ligwira mtolankhani amene walemba za nduna yakuba. Ndipo oopseza ana aja ndi zigawenga basi. Amenewo ndiye oyenera kukaonekera kupolisi, sungani mauthenga awo onse.

Make Tadala

Aphunzitsi, kasewero mukunenako ndinakaona. Sindinachite kukafuna, anandionetsa ndi mwana wanga yemwe, atakapeza pa foni ya mnzake kusukulu.

Mwana wangayo ndi wachialubino, ali Sitandade 7. Tili kuno ku Machinga. Ndikuuzeni mmene timakhalira kuti mukamuuze mlongo wanuyo. M'mawa ndimamudzoza mafuta oteteza ku dzuwa, akakhalapo, chifukwa kuchipatala nthawi zina timakapeza atha. Avale malaya a manja aatali ndi chipewa chachikulu ngakhale kutenthe bwanji mu Okutobala. Kusukulu sapita yekha. Kumadzi sapita yekha. Kuchimbudzi usiku ndimadzuka naye bambo ake ataima pakhomo. Chitseko chathu tinaika mipiringidzo iwiri. Mlendo akafika kufunsa njira, ine mtima umayamba kugunda ndisanamve chimene akufuna.

Zimenezi sizinachokere m'mutu mwanga. Chiyambire kumapeto kwa 2014 anthu achialubino akhala akubedwa, kuphedwa, kudulidwa ziwalo, ndipo manda awo kufukulidwa. MacDonald Masambuka anali wa boma lathu lomwe lino. Anasowa mu 2018, anamupeza atakwiriridwa, ndipo pa anthu amene khoti linawapeza olakwa mu 2022 panali mchimwene wake weniweni, wapolisi, wachipatala ndi wansembe. Mukamva zimenezo mudziwe kuti palibe amene ife timamukhulupirira kotheratu.

Tsono chimene chimaphetsa ana athu n'chiyani? Ndi bodza lakuti m'mafupa mwawo muli chuma. Bodza limeneli siliyenda ndi asing'anga okha ayi. Limayenda pamsika, mwana wanga akamadutsa anyamata a kabaza n'kumakuwa kuti "ndalama izo", "mamiliyoni akuyenda". Nawonso ukawafunsa amati tikungocheza mayi. Mlongo wanuyo watenga mawu omwewo, wawaveka bwino, wawapatsa anthu masauzande kuti aziseka nawo. Tsiku lotsatira anzake a mwana wanga anayamba kumutchula kuti banki. Anabwera kunyumba osadya nsima, n'kundifunsa kuti, "Amayi, kodi anthu onse aja akusekawo akufuna andigulitse?" Mundiuze inu aphunzitsi, ndikanamuyankha chiyani?

Agogo anena zoti apolisi asalowererepo. Ndawamva, ndipo ndikuwalemekeza chifukwa anaona zimene ine sindinaone. Koma ine ndikanakhala ndi mphamvu, ndikanafuna akagoneko m'chitokosi ngakhale usiku umodzi, amve mmene mantha amakhalira. Sindikubisa. Anthu mukamakamba za ufulu mumakamba za wolankhulayo, koma mwana wanga nayenso ali ndi ufulu woyenda pamsewu ngati munthu. Za kuthyola miyendo ndi kuopseza ana akezo ayi, ana aja sanalakwe kanthu, ndipo ine ndikudziwa bwino kuwawa kwa kuopera mwana.

Kamnyamata ka Zisudzo

Mayi Make Tadala, pepani kwambiri, zimene mwalembazi zandikhudza. Nthabwala ija sindikuikira kumbuyo. Koma ndiloleni ndilankhuleko ngati munthu amene ndimakwera pasiteji.

Ntchito yathuyi ndi yoyesa. Pa nthabwala khumi zimene ungalembe, sudziwa imene ipse ndi imene ipserere mpaka utaiponya pagulu. Kale ukaphonya, anthu a mu holo ankangokhala chete, iwe n'kudziwa kuti iyi ndisadzaibwerezenso. Lero ukaphonya kamodzi, kanemayo amakhalapo mpaka kalekale, anthu amene sanakuonepo chiyambire akukuweruza ndi masekondi makumi atatu. Ndipo Achewa sitinayambe lero kuseka zinthu zowawa. Pamaliro adzukulu amatengera mayendedwe ndi malankhulidwe a malemu, anamfedwa n'kuseka misozi ili m'maso. Gule wamkulu ali ndi Simoni, wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Amayi pamtondo ankaimba zonyoza amuna awo aulesi mudzi wonse ukumva. Izeki ndi Jakobo tinakula tikuwaseka akutengera anthu osiyanasiyana. Tikayamba kuti uyu asatchulidwe, uyu asakhudzidwe, titsala ndi nthabwala za nkhuku ndi mbuzi zokha.

Chimene chimandiopsa ine ndi gulu la pa Facebook. Silifuna kuti munthu aphunzire, limafuna aone njala. Ambiri amene akumutukwana lero ndi omwe aja anaseka tsiku loyamba.

Mbuya wa ku Chipata

Achimwene a zisudzo, zitsanzo zanu ndi zabwino koma zikukutsutsani nokha. Ine ndili kuno ku Zambia, ndipo ife a kum'mawa tili ndi chimbuya ndi Abemba. Iwo amatinena kuti ndife odya mbewa, ife timawabwezera kuti ndi odya anyani. Pamaliro a Mbemba ife timafika n'kuwathira ufa kumutu, kuwalipiritsa ndalama, kuwanena zoti munthu wachilendo atamva angathawe. Palibe amakwiya. Chifukwa chiyani? Chifukwa mawa maliro akagwa kwathu iwonso adzatichita zomwezo, ndipo pamene tikunyozanapo ndife amene tikukumba manda ndi kuphika. Adzukulu anu aja nawonso amaseka malemu atasambitsa mtembo ndi kunyamula bokosi. Chilolezo chonyoza amachigula ndi thukuta. Nanga mnyamata wachialubino uja abwezera bwanji? Ndani adzaseke akanena kuti wakhungu lakuda ndi banki? Palibe amene anafukulapo manda a munthu chifukwa ndi wakuda.

Simoni naye akunyoza mzungu amene anali ndi boma ndi msonkho m'manja. Nyimbo ya pamtondo ikunyoza mwamuna amene ali ndi mphamvu pakhomo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Kunonso tinaziona. Mu Januwale 2004 Roy Clarke, wolemba nkhani zoseketsa mu nyuzipepala ya The Post, analemba nthano ya nyama za ku Mfuwe imene anthu anaona kuti njovu yopusayo ndi Pulezidenti Mwanawasa. Boma linalamula kuti achoke m'dziko, koma makhoti anakana, mpaka khoti la Supreme mu 2008. Lamulo loletsa kunyoza pulezidenti analichotsa mu Disembala 2022. Ku Zimbabwe, mu Ogasiti 2019, Samantha Kureya, amene amadziwika kuti Gonyeti, anthu obisa nkhope anamutenga kunyumba kwake ku Harare usiku, kumumenya ndi kumumwetsa madzi a zonyansa, iye atatchuka ndi masewero onena apolisi ndi boma. Amenewo ndiwo anzanu amene ufulu wawo unaphwanyidwa, achimwene. Musawaike m'thumba limodzi ndi munthu amene mwini golosale wamukana.

Pa za gulu la pa Facebook mwanena zoona, pamenepo sindikutsutsani.

Wophunzira Malamulo ku Chirunga

Aphunzitsi, ndikadali pasukulu, ndiye zimene ndinene pano zisalowe m'malo mwa loya ngati nkhaniyi ingafike kupolisi. Koma ndikuuzeni mmene malamulo alili.

Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, limapereka ufulu wofotokoza maganizo kwa munthu aliyense. Gawo 44 limalola kuti ufulu uchepetsedwe, koma pokhapokha ngati pali lamulo lonena choncho, kuchepetsako kuli koyenera, kukugwirizana ndi mfundo za ufulu wa anthu zimene mayiko amatsata, ndiponso n'kofunikadi m'dziko la demokalase. Malamulo omwewo pa gawo 19 amateteza ulemu wa munthu, ndipo pa gawo 20 amaletsa tsankho. Ndiye Make Tadala akamati mwana wawo naye ali ndi ufulu, akunena zimene zinalembedwa.

Mbali ya boma zinthu zakhala zikusuntha. Mu Novembala 2022 Nyumba ya Malamulo inachotsa milandu ya kuukira boma ndi mawu. Mu Julayi 2025 bwalo lalikulu, litakhala ngati khoti lotanthauzira malamulo aakulu, linagamula pa mlandu wa a Joshua Chisa Mbele kuti gawo 200 la malamulo a milandu, limene linkachititsa kuti kuipitsa mbiri ya munthu ukhale mlandu womangitsa, likutsutsana ndi ufulu wolankhula. Woipitsidwa mbiri akasume yekha n'kupempha chipukuta misozi.

Koma mlongo wanuyo asagone tulo. Lamulo la 2016 loona za pa intaneti lili ndi gawo 87 loletsa mauthenga onyansa kapena osokoneza mtendere wa wina, ndipo chilango chake chimafika chaka chimodzi kundende. Mawu a gawoli ndi otambalala kwambiri, n'chifukwa chake lagwirapo anthu amene anangolemba zonyoza atsogoleri m'magulu a WhatsApp. Ndipo kumbukirani Januwale 2018, pamene woimba wina wachinyamata anamangidwa chifukwa cha nyimbo yoopseza mkazi kuti adzamugwiririra, amayi ndi mabungwe atakwiya nayo. Choncho sizachilendo kuti apolisi alowerere pa nkhani ya luso imene yakwiyitsa anthu.

Maganizo anga ndi awa. Mawu amene akuuza anthu kuti kagwireni uyu, kapheni uyu, amenewo boma liyenera kuwaletsa, ndipo palibe dziko limene limawateteza. Kasewero kaja kali pafupi ndi malire amenewo kuposa mmene mlongo wanu akuganizira, chifukwa kakubwereza chikhulupiriro chimene chaphetsa anthu posachedwapa. Komabe sindikuona kuti kanatuma munthu kukachita chiwembu, ndipo ndingaope khoti limene lingamange munthu pa chifukwa chakuti nthabwala yake ndi yonyansa. Ndani aziyeza kunyansako? Za ndalama za chikole, ngati sanagwire ntchitoyo abweze, asalimbane nazo. Za oopsezawo, kuopseza munthu kuti umuvulaza ndi mlandu, akadandaule ndipo atenge umboni wa mauthengawo.

Nachisale wa ku Dedza

Zikomo nonse. Make Tadala, uthenga wanu ndinamuwerengera mlongo wanga pa foni mawu ndi mawu, mpaka funso la mwana wanu lija. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anadula. Usiku womwewo kasewero kaja anakachotsa, ngakhale ena anali atakasunga kale ndipo kakuyendabe pa WhatsApp.

Sindinganame kuti wasintha maganizo onse. Akunenabe kuti anthu amulanga mopitirira, ndipo pa za ana ake ine ndili naye limodzi, tapita kale kupolisi ndi mauthenga aja. Pa za golosale ndi maukwati ndamuuza mosapsatira kuti agogo a ku Mpondabwino anena zoona, palibe amene wamulanda ufulu pamenepo, ndipo asiye kutchula 1993 ngati kuti anthu anavutika ku Mikuyu kuti iye apeze ma like. Pamene ndikusiyana nanu pang'ono, Make Tadala, ndi pa chitokosi paja. Ndikuopa kuti akanagonamo akanatuluka ngati ngwazi ya anzake, nkhani ikanakhala ya iye ndi apolisi, mwana wanu n'kuiwalika.

Achimwene a zisudzo, funso lanu lakuti titsala ndi chiyani ndalitenga kupita nalo ku kalabu yathu ya zisudzo kusukulu. Ana anatchula okha zoti aseke: wakatapila amene amalanda mpaka mphika uli pamoto, sing'anga amene amalonjeza anthu mamiliyoni iye akugona m'nyumba yodontha, wandale amene amagawa ndalama pamaliro. Mtsikana wanga wa Fomu 2 uja ndiye anapempha kuti asewere sing'angayo.

Tsopano mlongo wanga akuti akufuna kujambula kanema wopepesa, ndipo akuganiza zopita ku bungwe la anthu achialubino la APAM kapena kwa banja lina ngati lanu kuti akaonekere limodzi. Ine ndikukayika ngati imeneyo ndi njira yabwino. Inu mukuona bwanji?

Make Tadala

Kupepesa apepese, pa tsamba lake lomwelo pamene anatinyozera, ndipo anene momveka kuti m'thupi mwa munthu wachialubino mulibe chuma chilichonse. Asanene zoti "ngati ena anakhumudwa". Tinakhumudwa, palibe za ngati.

Koma zobwera ndi kamera kudzaima pambali pa mwana wanga kuti anthu amuone kuti ndi wabwino, zimenezo ayi. Mwana wanga wajambulidwa kokwanira ndi anthu obwera ndi magalimoto. Akafuna kubwera abwere, nsima tidzamuphikira, ndipo adzamuperekeze yekha Tadala kusukulu m'mawa kudutsa pamsika paja kuti adzamve ndi makutu ake zimene amakuwa anyamata a kabaza. Foni adzaisiye m'thumba.